Zokuzira Mawu za Achimwene pa Maliro Awo

Ndinadzuka kusanache, pamphasa pamene tulo tinangondibera pang'ono kuseri kwa nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi kuimba usiku wonse. Moto unali utayaka kale, ena akusankha nyemba, ena akutumbula milamba imene anzanga a ku Bangula anabwera nayo. Dzuwa linali lisanatuluke, koma kunkatentha kale.

Malemu achimwene anga a Zuze ankadziwika chigwa chonse chifukwa cha zokuzira mawu. Paukwati, pamsonkhano wa mpingo kapena wa chipani, ndiwo ankaitanidwa ndi amplifaya yawo, masipika a malata okhala ngati malipenga, ndi chibokosi chachikulu cha besi, chotulutsa mawu okhuthala, chimene anakhoma okha. Ine ndine wogulitsa nsomba, koma katunduyo ndinawanyamulira zaka zambiri.

Kutacha anthu anayamba kukhamukira, ena panjinga, ena pangolo. A ku Nyachikadza anawoloka pamabwato, n'kufika miyendo ili matope okhaokha. Pofika masana pabwalo panalibe poponda, anthu atadzaza mpaka kumsewu. Amuna a m'mudzi, pofuna kuthandiza, anapachika malipenga aja mumtengo wa msangu kutsogolo, chibokosi n'kuchisiya pakhonde, kutali kumbuyo. M'busa atayesa kulankhula, mawu anatuluka osokonekera: opyapyala akutsogola, okhuthala akubwera m'mbuyo ngati pali wina akumutsanzira. Anthu a kumsewu ankangoyang'anana.

Ndinaimirira. Amalume anandigwira mkono.

"Khala pansi, mphwanga. Mwini maliro sagwira ntchito. Anthu atiseka."

"Pepani amalume," ndinatero. "Munthuyu wamveketsa mawu a anthu ena moyo wake wonse. Lero mbiri yake yomwe isamveke? Ndiloleni."

Anausiya mkono wanga.

Achimwene ankakonda kunena kuti mawu amayenda ngati munthu: wochokera kutali amafika mochedwa. Choncho chibokosi ndi malipenga ziyenera kutalikirana mofanana ndi womvera. Ndinatenga chingwe chawo cha khonje. Anthu anandipatukira, ndinakhoma chikhomo pakati pa bwalo, n'kuyeza mtunda wokafika kumalipenga. Tinanyamula chibokosi n'kukachiika pomwe chingwe chinathera, m'tsinde mwa msangu. Ndinapempha mkulu wa kwaya kuti azigogoda maikolofoni ndi chala, ine nditaima pachikhomo, maso otseka. Kugogoda kunkamvekabe ngati kuwiri. Tinasuntha chibokosicho pang'ono. Thukuta linkalowa m'maso, mphepo yotentha ikuulutsa fumbi, anthu onse ali maso pa ine. Tinasunthanso. Tsopano kunamveka kumodzi, koma kopanda mphamvu, ngati ng'oma yonyowa. Ndinagwada, n'kusinthanitsa mawaya awiri a kumbuyo kwa chibokosi monga achimwene ankachitira. Chala chitagogodanso, ndinakumva mpaka pachifuwa.

Amalume ndiwo ananena mbiri. Liwu lawo lokalamba linafika kumsewu lathunthu, ndipo ndinaona mitu ikugwedera kutali komweko atatchula za chaka cha madzi osefukira, pamene achimwene anayenda pabwato ndi lipenga limodzi kuitana anthu kuti athawire kumtunda. Wapampando wa chipani analankhula mwachidule, m'busa analalikira. Kwaya itayamba, mawu a abambo anagunda pansi pa mawu a amayi, ndipo mlamu wanga, mkazi wa malemuyo, amene kuyambira dzulo lake anali asanagwetse msozi, analira mokweza.

Adzukulu ananyamula bokosi dzuwa litapendeka. Tinadutsa m'minda ya thonje yokololedwa, nyimbo ikuyenda kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo kwa mzere. Kumanda kunalibe makina. Pemphero linamveka kwa ife apafupi tokha, pamodzi ndi kugwa kwa dothi. Pobwerera, mayi wina wachikulire wa ku Nyachikadza anandigwira dzanja, n'kundithokoza m'chiyankhulo chakwawo. "Takhuta, baba. Tamva zonse."

Madzulo anthu anabalalika, pamafuwa patatsala phulusa. Ndinatsitsa malipenga, ndinakulunga mawaya, zonse n'kuzilowetsa m'chipinda cha malemuwo. Mlamu anali atakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Loweruka likubwerali kuli ukwati kutsidya," anatero motsitsa. "Achimwene anu anali atalonjeza."

"Ndidzapita ine, alamu."

Tinakhala pakhomopo mpaka mdima unalowa, m'nyumba muli zii, achule akulira kudambo.