Nkhafi Imene Ndinazula Pagombe

Inu owerenga, ine ndinaliritsa mayi wina kawiri pa maliro amodzi. Sindinamenye munthu, sindinabe kanthu, ngakhale mowa sindinalawe tsikulo. Ndinangopondetsa matayala pa masamba amene anayalidwa pamsewu, osatsika kufunsa. Ndikulemba izi kuti wina asadzachite zimene kutopa ndi kudzimva zinandichititsa.

Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu. Ndimakhala ku Lilongwe, ndipo pa maukwati ndine uja amakhala kuseri kwa masipika atavala mahedifoni, amene anthu amamukumbukira pokhapokha maiki ikazima. Sabata imeneyo, m'nyengo yozizira, tinali ndi chinkhoswe Lachisanu, ukwati Loweruka, ndi ukwati winanso Lamulungu. Wa Lamulunguwo ndi umene unandimaliza. Jenereta inazima perekaniperekani ali pakati, akuchimuna atangonyamuka kuti avine, ndipo azakhali a mkwatibwi anandilalatira holo yonse ikumva, ngati kuti mafutawo ndinamwa ndine. Abwana anga nawo, m'malo mondiikira kumbuyo, anathira tsabola pachilonda. Ndinafika kunyumba m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje.

Lolemba m'mawa ndinadzuka mkwiyo wadzulo udakalipo. Ndinali ndi katenti kamene ndinagula pa kaunjika kalekale koma ndinali ndisanagonemo. Ndinakaponya m'galimoto pamodzi ndi bulangete, buledi, madzi ndi nyali ya batire, yowala moyera, imene ndimaunikira mawaya kuntchito. Foni ndinazimitsa. Sindinauze munthu kumene ndikupita chifukwa nanenso sindinkadziwa. Ndinkangofuna malo opanda mawu a munthu, ngakhale moni.

Nditadutsa pa Salima ndinalunjika kumpoto. Pa Khombedza ndinagula nthochi ndi chinangwa chokazinga, kenaka ndinakhota kulowa msewu wafumbi wopita kunyanja. Mwera unkawomba mwamphamvu moti fumbi linkandipitirira.

Nditayandikira mudzi wina wa asodzi ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Palibe Mmalawi amene sadziwa tanthauzo lake. Pali maliro: wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende pang'onopang'ono. Ine ndinkadziwa bwino lomwe. Koma nditayang'ana uku ndi uku sindinaone khamu, sindinamve nyimbo, ndipo panalibe amuna okhala pansi pa mtengo monga zimakhalira pa siwa. Ndinadzinamiza kuti ndi masamba akale, kapena panafera lole. Mayi wina wachitsikana amene anasenza ndowa anaima m'mbali mwa msewu n'kukweza dzanja kuti ndiime. Ndinati mumtima, awa akufuna andigulitse usipa. Ndinakweza galasi n'kudutsa.

Msewu unathera pa bango, ndipo kuseri kwa bangolo kunali gombe limene ndinkalilota. Mchenga woyera, wopanda phazi la munthu. Mabwato onse anali atakokedwera kumtunda n'kuvundikiridwa. Mathandala oyanikapo nsomba anali mbee. Panalibe mayi wochapa, panalibe ukonde woyanikidwa, ngakhale mwana mmodzi wosambira. Gombe la asodzi, masanasana, lopanda mwana! Munthu wamaso akanadzifunsa. Ine ndinaomba m'manja kuti Mulungu wandiyankha.

Pakati pa mchengapo panali nkhafi imodzi yozikidwa choimirira, itamangidwa kansalu ka chitenje kukhosi kwake.

Pomanga tenti ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake inali yotchipa: chitsulo chimodzi cha pakhomo panalibe. Ndikaimika, mwera n'kugwetsa. Nditalimbana nayo mpaka thukuta, maso anga anagwera pa nkhafi ija. Ndinapita kukaizula. Inali yozikidwa mwakuya, osati ngati chinthu choiwalidwa, ndipo ndinachita kuigwedeza ndi manja awiri. Chogwirira chake chinali chosalala, chodyeka mbali imodzi mmene munkakhala dzanja la mwini wake. Ndinaikokera pamene ndinasankha, pafupi ndi madzi, n'kuizika pakhomo pa tenti. Inakwana ngati anachita kuyeza. Pamwamba pake ndinakolekapo nyali yanga, ndipo ndinadzitama kuti mwana wa m'tauni sasowa nzeru.

Masana onse ndinakhala ndikudya nthochi n'kumayang'ana madzi. Kutali kunali maboti angapo akuyenda mondondozana, pang'onopang'ono, osaponya ukonde. Ndinadabwa pang'ono koma sindinazitengere. Chimene chinayamba kundisowetsa mtendere ndi bata lenilenilo. Mudzi unali pafupi, madenga ankaoneka, koma sikunkamveka wailesi, mtondo kapena kuseka kwa munthu. Bata ndinalifuna ndekha, koma ili linali lolemera ngati la m'chipinda cha wodwala.

Kutada ndinaona chinthu china. Amene munagonapo kunyanja mukudziwa kuti usiku pamadzi pamakhala nyali za asodzi a usipa, ndandanda ngati tauni. Tsikulo panalibe ndi imodzi yomwe. Nyanja yonse inali bii, mudzi nawo bii. Kuwala kokhako pagombe lonselo kunali kwa nyali yanga, pamwamba pa nkhafi. Ndinaisiya chiyakire n'kulowa m'bulangete.

Sindikudziwa kuti ndinagona nthawi yaitali bwanji. Nditadzidzimuka mwera unali utaleka, ndipo m'malo mwake munkamveka phokoso lina m'mphepete mwa madzi, pafupi kwambiri ndi mutu wanga. Chinthu cholemera chinkakhudza mchenga, n'kubwerera, n'kudzakhudzanso. Ndinaganiza za ng'ona, ndinaganiza za mvuu, koma nyama imapuma, ndipo ichi sichinkapuma. Kenaka zithunzithunzi za m'tenti zinayamba kuyendayenda. Nditayang'ana pakhomo ndinaona nyali ikugwedezeka. Nkhafi inkanjenjemera, ngati munthu waigwira pansi n'kumayesa kuizula mofooka. Kunja kunalibe mphepo yoti n'kugwedeza ndi tsamba lomwe.

Inu owerenga, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Makiyi a galimoto anali m'thumba, koma sindinayerekeze kutuluka. Ndinayamba Pemphero la Ambuye n'kusokonezeka pakati, n'kuyambiranso. Ndinaganiza zozimitsa nyali, koma mdima ndinauopa koposa. Ndinaisiya ikuyaka, ndipo pa zolakwa zanga zonse, chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Tambala woyamba atalira kumudzi ndinamva mapazi. Anali a munthu wopanda nsapato, akuyenda mosamala pamchenga. Anazungulira tenti, n'kuima, n'kuzunguliranso. Uyu ankapuma, ndipo kupuma kwake kunali kwa munthu amene wathamanga. Anadzaima pakhomo penipeni. Kenaka ndinamva mawu a mayi, otsika, onjenjemera.

“Lameki?”

Ndinagwira pakamwa.

“Lameki, ndiwe mwanawe? Ndine mayi ako. Usaope, palibe amene akukalipire za bwato. Ndakutengera jekete, kunja kwazizira.”

Sindikudziwa chimene chinandipatsa mphamvu, koma ndinakoka zipi. Panja panagwada mayi wachikulire ndithu, atafunda chitenje, m'dzanja limodzi muli fulasiki, m'dzanja lina jekete yakuda yopindidwa bwino. Nkhope yake inali ikuseka. Ndinaiona ndi maso angawa, m'kuwala kwa nyali yanga, mayi akusekerera mwana wake amene wabwera. Ndipo ndinaona kusekako kukuzima pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anasuzumira kumbuyo kwanga m'tenti ngati mwina muli wina, kenaka anakweza maso kuyang'ana nkhafi.

“Pepani bambo,” anatero. “Ndimayesa ndi mwana wanga.”

Anapepesa iyeyo, kupepesa ine. Anakhala pansi pamchenga, anaika fulasiki pambali mosamala kuti isagwe, n'kukumbatira jekete ija. Kulira kumene kunatuluka pamenepo sindidzakuiwala. Ndamva mawu ambiri okwera pa ntchito yanga, koma palibe sipika imene inandilowa m'mafupa chomwecho.

Posakhalitsa anthu anatulukira m'bango, amuna ndi akazi. Ndinadziwa kuti lero ndafa, ndipo ndinaona kuti n'koyenera. Koma palibe anandikhudza. Bambo wina wamtali, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi atsibweni a Lameki, anandikokera pambali n'kundifotokozera motsitsa mawu.

Lameki anali siginala, uja amatsogola yekha pa kabwato ndi nyali zoitanira usipa kuti anzake azungulize ukonde. Masiku angapo m'mbuyomo mwera unamugudubuza usiku. Bwato linapezeka, nkhafi inadzakocheza yokha pagombe limeneli, koma mwini wake ayi. Kwawoko zikatero amazika nkhafi ya womirayo pamene yapezeka, kuti mwini wakeyo adziwe pofikira. Pagombepo sipasambidwa, sipachapidwa, ndipo sayatsa nyali pamtunda kapena pamadzi mpaka nyanja itabweza munthu. Maboti ndinawaona aja ankasaka mtembo. Nyimbo sizinkamveka chifukwa mayi ake anakana kuti mwana wawo aimbiridwe asanamuone. Chimirire cha Lameki anali asanagwetse msozi. Usiku umene ndinagona pagombepo amayiwo anatuluka panja, n'kuona nyali yoyera ngati ya mwana wawo ikuwala pa nkhafi yake. Sanadzutse munthu, kuopa kuti awauza kuti akulota. Anakoleza moto, anaphika tiyi, n'kudikira tambala.

“Kodi masamba aja simunawaone, achimwene?” anandifunsa atsibweniwo.

“Ndinawaona.”

“Nanga mlongo wake wa Lameki, amene anakuimitsani pamsewu? Anatiuza kuti kwadutsa galimoto, ife tinkayesa mwabwerera.”

Akanandimenya mbama zikanandipepukira.

Kunja kutayamba kuyera, mmodzi mwa asodziwo anafuula. M'mphepete mwa madzi, masitepe ochepa kuchoka pamene panali mutu wanga, panagona munthu chafufumimba, mafunde aang'ono akumukankhira pamchenga n'kumubweza. Ndi phokoso lija ndinalimva usiku. Sanakocheze pa dzenje limene nkhafi inazikidwa poyamba. Anakocheza moyang'anizana ndi khomo la tenti yanga, pamene ndinaisamutsira, dzanja limodzi litatambasukira kumtunda.

Ena adzati ndi mafunde chabe, ndipo mwina n'zoona. Ine sindine munthu wa zamizimu ndipo sindikufuna kukuphunzitsani zimene sindikuzidziwa. Koma amayiwo anabwera tambala atalira, pamene nkhafi inayamba kunjenjemera kale kwambiri izi zisanachitike, kopanda mphepo. Zimenezo ndilibe nazo tanthauzo mpaka lero.

Amuna anakuta mtembo ndi nsalu n'kuunyamula pa mphasa. Atsibweni aja anachotsa nyali yanga, anaizimitsa, anandipatsa m'manja, kenaka n'kuzula nkhafi. Tenti inagwa yokha ngati thumba lopanda kanthu. Azimayi anadzutsa mayi a Lameki, koma asanachoke amayiwo anatembenuka, anatola fulasiki ija n'kundipatsa ndi manja awiri.

“Imwani tiyiyu bambo, angazizire. Mwagona pamphepo.”

Ndinakhala nawo pa maliro mpaka kumanda. Ndinakhala kumbuyo kwa amuna, mutu uli pansi, ndipo palibe amene anandinena. Ndinapepesa kwa atsibweni, ndinapepesa kwa mlongo uja, koma kwa amayiwo sindinapite. Ungamuuze chiyani munthu amene unamubwezera mwana wake kwa usiku umodzi, n'kumulandanso m'mawa? Atsibweniwo anangoti, “Safunsa anadya phula, achimwene. Koma phula la ulendo uno wadya ndi mlongo wanga.”

Ndinabwerera ku ntchito yanga ya phokoso. Jenereta imazimabe, azakhali a akwatibwi amalalatabe, ndipo ndinapeza kuti zimenezo sizipha munthu. Chimene sichinandichoke ndi china. Ndikavala mahedifoni, nyimbo isanayambe, pamakhala kabata kakang'ono, ndipo m'kabata kameneko ndimamva mawu otsika akufunsa ngati ndine Lameki.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga a m'tauni amene mukatopa mumakwera galimoto kukasaka malo opanda anthu, mverani ine. Kulibe gombe lopanda eni ake. Mukapeza malo okongola ali zii pamene payenera kukhala anthu, dziwani kuti anthuwo achokapo pa chifukwa. Mukaona masamba pamsewu tsikani, perekani moni, funsani. Munthu akakukwezerani dzanja tsitsani galasi, si onse amene akugulitsa usipa. Ndipo chinthu chimene mwachipeza chitazikidwa, musazule, ngakhale chioneke ngati chilibe ntchito. Kutopa kwanu si chilolezo. Ine kutopa kwanga kunali kwa masiku atatu a ukwati, ndipo ndinakakutula pa mayi amene ankadikira mwana wake kuchokera m'madzi.

Tiyi uja ndinamwa, nditakhala pa tenti yakugwayo. Anali adakali wotentha, ndipo shuga anachuluka kwambiri moti anali ngati uchi. Pobweza fulasiki ndinamutchulira zimenezi mlongo wake wa Lameki uja. Anandiyang'ana n'kunena kuti Lameki ankamwa wotero.