Mwendo umene azakhali anati ndi tsempho

Ena munena kuti ndikukokomeza, koma izi zinachitika pathupi panga pomwe, ndipo mwendo wake ndi uwu, umatupabe mpaka lero ndikaima nthawi yaitali m'munda wa mpunga.

Inali nthawi ija matipate atangoyamba, anthu ali kalikiliki ndi nsalu za zipani, ine ndili m'chikuta kwathu ku Chia ndi mwana wanga wachiwiri. Azakhali, amene anatilera amayi atamwalira, anandiletsa kuyendayenda, akuti wobereka kumene azingogona. Ndinamvera, nanga ine ndinali munthu wotsutsa? Posakhalitsa mwendo wamanzere unayamba kuwawa m'katumba, n'kutupa mpaka m'ntchafu, kutentha ngati chinangwa chootcha, wamanja uli bwinobwino.

Azakhali atangouona anagamula kuti ndi tsempho, ndiye kuti mwamuna wanga wagona ndi mkazi wina ine ndili m'chikuta. Mwamunayo ndi msodzi, komanso mkamwini, ndiye mawu akanawatenga kuti? Anankungwi anamukhazika pansi pa mtengo wa mango kuti atchule mkaziyo, iye kulumbira mpaka misozi, azakhali n'kumati za kudoko ndani sazidziwa, asodzi onse ndi amodzimodzi. Kenako azakhali anatereka madzi oti andithowe ndi kutikita mwendowo.

Nditaona mphikawo ndinakumbuka kuti achemwali anga anapita chonchi. Nawonso anali m'chikuta, mwendo unatupa, anawathowa, anawatikita, kenako anangogwira pachifuwa, kubanika, kutsokomola magazi, basi. Amuna awo, alamu anga, achibale anawapirikitsa pamaliro pomwepo ati ndiwo awapha ndi tsempho, ana awo osawatsanzika n'komwe. Ine wofatsa uja ndinakalipa tsiku limenelo, ndinati wondikhudza mwendo ndimuluma, ndipo ndinauza mwamuna wanga kuti atenge njinga andifikitse kumsewu tikakwere matola a ku Boma. Azakhali anatilondola akukuwa kuti tsempho sapita nalo kuchipatala, jakisoni akandipha.

Dokotala atayeza miyendo yonse anafunsa ngati kwathu wina anadwalapo chonchi. Ndinatchula achemwali, ndinatchulanso amayi, amene anamwalira ndi mwendo wotupa atangobereka chitsiriza wathu, abambo n'kusenza mlandu. Anandiuza kuti magazi aundana mumtsempha. Anati m'magazi muli zinthu zoletsa kuti asamaundane mwachisawawa, koma mabanja ena amabadwa nazo zochepa, amapatsirana monga timapatsirana mphuno kapena msinkhu, ndipo zimavuta kwambiri ukangobereka n'kumangogona. Makina otsimikizira anati alibe, koma akazi atatu a nyumba imodzi si ngozi. Nditanena za kutikita anagwira mutu, akuti chibuluma cha magazicho chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Achemwali anga, mayo ine!

Anandibaya majakisoni, ndinamwa mapiritsi osungunula magazi miyezi ingapo, ndipo ndinachira. Nditapeza mphamvu ndinakwera basi kukafuna alamu ku Dwangwa, kumene ankadula nzimbe, ndikawauze kuti sanaphe mkazi wawo. Anangofunsa ngati ana awo akuwakumbukirabe.

Zimenezo ndiye zimandiwawa mpaka lero. Amuna atatu onse achiwerewere, ndipo onse n'kutupitsa mwendo umodzi wokha? Azakhali sanapepese, amati ndinachira chifukwa mwamuna wanga analapa chamumtima. Ine ndimakhulupirira kuti nthendayi ili m'magazi athu ife eni mudzi, osati mwa akamwini. Mwana ndinali naye m'chikuta uja ndi mtsikana, ndipo ndinamuuza kale kuti akadzaima akanene zonsezi kusikelo. Inunso anzanga, mwendo umodzi ukatupa mutabereka, musalole aliyense kuutikita, ngakhale amene anakulerani. Milandu ya amuna mudzakambe mutabwera kuchipatala, muli moyo.