Uthenga Wodzera kwa Mbuzi

Lolemba lina m'chaka cha 2019, akuluakulu a gulu la pa Fesibuku lotchedwa Okonda Pachigayo pa Ndolo analengeza kuti, atakhala pansi ndi kusinkhasinkha mozama, agwirizana zoti aliyense wotumiza nkhani aziyamba ndi moni. Pansi pa chilengezocho panali maina a Wapampando, Wachiwiri kwa Wapampando, ndi bambo wina amene udindo wake unkangotchedwa Mlangizi. Mamembala anayamikira utsogoleri woona patali.

Aida Nachali, telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa Boma ku Chitipa, anamvera lamulolo tsiku lomwelo. Anachotsa phazi pa makina, n'kulemba moni pamwamba pa nkhani imene anakhala akuisunga m'foni, n'kutumiza. Inali nkhani yake yoyamba, ali ndi zaka zopitirira makumi anayi.

Kwa amene anabadwa mochedwa: Pachigayo pa Ndolo linali sewero la pa wailesi la m'zaka zoyambirira za matipate. Munali nkhalamba ina, a Ndolo, eni chigayo. Mwana wawo Wilson. Mkazi wa Wilson, Edna. Ndi anthu okangana pamzere wa matumba. Linatha mwadzidzidzi, amene ankalilipirira ataona kuti mtundu wa Amalawi waphunzira mokwanira. Patapita zaka, omvera ake atagula mafoni, anasonkhana m'gululi n'kuyamba kulipitiriza okha, aliyense kutenga anthu a m'seweromo n'kuwalembera zimene mtima wake ukufuna. Mitima yonse inkafuna chinthu chimodzi. Edna anakondana ndi woyendetsa injini. Wilson anakondana ndi namwino. Wapolisi amene anamvekamo kamodzi kokha, pa mlandu wa lamba wobedwa, anali atamukwatitsa kanayi. M'nkhani zonsezo chigayo chinalipo ndithu, koma palibe amene ankabwera ndi chimanga.

Aida anali ndi zina zoti alembe.

Iye anakulira m'mudzi wina m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ndipo anakwatiwa ndi Jackson Silungwe chaka cha riferendamu. Kwawoko mkamwana, mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Sadya nawo, salankhula nawo, satchula dzina lawo, ndipo akawamva akubwera m'njira amapatukira kuthengo. A Silungwe, bambo a Jackson, anali ndi chifuwa chapadera cha ntchito imeneyi. Akafika pa mtengo wa mapeyala ankatsokomola, kuti mkamwana apeze mpata wolowa kukhitchini.

Zinali zosavuta pamene pakhomo panali anthu otuma. Koma apongozi aakazi anamwalira, mlamu wake Rhoda, mlongo wa Jackson, anakwatiwa ku Nthalire, ndipo Jackson anapita ku Tunduma kukaoda zitenje n'kukapezako moyo wina. Aida akanatha kubwerera kwa makolo ake. Sanabwerere, chifukwa nkhalambayo inalibe woiphikira. Pakhomo panatsala anthu awiri osaloledwa kulankhulana, ndi mbuzi.

Anayamba ndi a Silungwe. Tsiku lina anaima pakhola, atafulatira khitchini, n'kunena mokweza m'chilankhulo chakwawo: "Mbuzi iwe, kumapiri kwada. Ngati pali munthu anayanika nyemba, adziwe." Aida anakachotsa nyembazo. Madzulo ake nayenso anauza mbuziyo kuti mchere watha. M'mawa mchere unali pamwala.

Anakhala choncho zaka zambiri. Mbuzi inauzidwa za feteleza, za maliro a kutsidya, za bondo la a Silungwe limene linkatupa nyengo yozizira. Loweruka nkhalambayo inkaika wailesi pawindo, sipika italoza panja, n'kudziwitsa mbuzi kuti sewero layamba. Aida ankamvera ali kuseri kwa khoma, ndipo awiriwo ankaseka pamalo amodzimodzi. Zitadziwika kuti Jackson sabweranso, a Silungwe anagulitsa ng'ombe, ndipo m'mawa wina pakhonde panapezeka makina osokera. "Mbuzi iwe," anatero ali kukhola, "ine ndakalamba. Munthu asadalire munda wa eni ake."

Nkhope yawo Aida anaiona bwinobwino koyamba maliro awo atatha, pa kachiphaso kovotera. Wojambula wa boma anawajambula atatsinzina.

Izi ndi zimene analemba, atangosintha maina. Wilson wapita ku Joni, a Ndolo ndi Edna atsala ndi chigayo, ndipo akuchiyendetsa kudzera mwa mbuzi yomangidwa pakhomo. Gawo loyamba linali la tsiku limene lamba wa injini anaduka anthu ali pamzere. Lachiwiri linali la dizilo atasowa. Ndemanga zinabwera zochuluka, ndipo Aida anasangalala mpaka pamene anaziwerenga.

"Mdala ameneyu tamutulukira," analemba wina wa ku Blantyre.

"Sakuyang'anana dala. Akangoyang'anana kuyaka moto," anatero wina.

"Mbuziyo ichoke pakatipo, ikutichedwetsa."

Aida anayankha mwaulemu. "Abale anga, amenewa ndi apongozi ake. Kwathu sayang'anana chifukwa cha ulemu."

"Ndiye pokomera pake pamenepo, mayi," anayankha Melissa, mtsikana wa ku Lilongwe amene nkhani zake zinkakondedwa kwambiri m'gulumo.

Poganiza kuti anthu sanamvetse bwino, Aida analemba gawo lachitatu, m'mene a Ndolo akugulitsa ng'ombe kuti Edna akhale ndi makina ake ndi ake, adzathe kudziimira iwo akadzapita. Ankayesa kuti pamenepo aliyense aona kuti ameneyu ndi bambo ndi mwana. Gulu linaona zina.

"Basi zatheka," analemba Melissa. "Mwamuna wake uti amagulitsa ng'ombe chifukwa cha ulemu? Mayi, musatizunze, tipatseni gawo lachinayi."

Gawo lachinayi linali la imfa ya nkhalambayo, ndipo Aida ankafuna kulilemba bwino. Ankalemba mizere iwiri, n'kubwera munthu wofuna kupinditsa yunifolomu, n'kufufuta umodzi. Panali mawu amene a Silungwe anauza mbuzi sabata imene anamwalira, ndipo m'Chichewa ankamveka opepuka kuposa m'mene anamvekera kukhola kuja. Masabata anadutsa. Melissa anatopa kudikira n'kumulembera. Malamulo a gulu sankaletsa, poti a Ndolo ndi Edna anali a aliyense.

M'gawo la Melissa mbuzi inadula chingwe kukugwa mvula, awiriwo anatuluka kukaifuna, n'kukumana kuseri kwa chigayo. Zotsatira zake anazilemba mwaluso, ndipo sitizibwereza pano. Anthu anazikonda kwambiri moti anazikopera pa Watsapu pamodzi ndi magawo atatu a Aida, dzina lake lili pamwamba. Zinayenda mpaka ku Nthalire, kumene galimoto imafika movutikira koma nkhani zotere zimafika bwinobwino.

Rhoda anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze.

"Mwafika, alamu. Khalani pabenchipa," anatero Aida.

Rhoda sanakhale. "Mbuzi ija ndi yathu, si choncho?"

"Ndi ya m'sewero."

"M'sewero munalibe mbuzi. Tonse tinkamvera." Anagogoda makina ndi chala. "Azimayi kukwaya akundifunsa kuti kodi makina aja anali a chiyani. Makina awa."

"Zakuseri kwa chigayozo sindinalembe ine, alamu. Analemba mtsikana wa ku Lilongwe. Ine ndinalemba zimene zinachitika."

"Ndikudziwa. Bambo ndimawadziwa, inunso ndimakudziwani. Koma wa ku Lilongweyo sadziwa mudzi wathu, ndipo akumudzi sadziwa wa ku Lilongweyo. Amadziwa inu, bambo, ndi mbuzi." Apa Rhoda anakhala pansi, mawu ake n'kutsika. "Zaka zonse zija munkalowa m'thengo, mame mpaka m'chiuno, kuti dzina lawo likhale loyera. Lero mwawatulutsa pafoni."

Aida anayang'ana nsalu imene inali pansi pa singano. Kenako anafunsa ngati mlamu wake adye kaye asanabwerere. Rhoda anati adya.

Masana omwewo Aida anafufuta magawo ake atatu, ndi lachinayi losatha lija limene linali m'foni mokha. Kenako analembera Wapampando, kupempha kuti gawo la Melissa nalonso lichotsedwe, chifukwa kumudzi likudetsa munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Akuluakulu anakhalanso pansi. Yankho lawo linati gulu limalemekeza zikhalidwe zonse za dziko lino, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa; kuti gawo la Melissa silinaphwanye lamulo lililonse, choncho likhala; koma kuti dandaulo la mayi wathu wa kumpoto lawatsegula maso. Kuyambira sabata yamawa, Lachinayi lililonse likhala tsiku la nkhani za ubale, ntchito ndi ulemu, zopanda chibwenzi, ndipo Mlangizi aziyang'anira yekha. Mamembala anayamikiranso.

Aida sanalembenso. Akadali pakhonde lomwe lija, ndipo ndi telala wabwino, makamaka pa zipi. Seweroli amalikumbukirabe lonse, ndipo akhoza kukuuzani kuti pa mlandu wa lamba uja wakuba anali ndani. Koma mukamufunsa zimene a Silungwe anauza mbuzi sabata yomaliza ija, amakufunsani ngati thalauza mukulifuna lero kapena mawa. Iye ndiye munthu yekhayo amene anazimva, ndipo nthawi imene anafuna kuzinena inapita.

Lachinayi loyamba palibe amene anatumiza kanthu. Lachinayi lotsatira Melissa anatumiza gawo lachisanu. Edna ali ndi pakati.