Filimu ya Azakhali a kwa Mposa

Ndinanyamuka ku Balaka dzuwa litangotuluka, m'chikwama muli shuga, sopo ndi foni momwe munali filimu. Azakhali anga a kwa Mposa anandipempha filimuyo titakumana pamaliro chaka chatha. Anaionera kamodzi kokha ku Liwonde ndi malemu amuna awo, ndipo dzina lake analiiwala. Ankangokumbukira kuti muli mtsikana wakuba ndi wapolisi wamanyazi.

Kuipeza kunanditengera miyezi. Wokopera mafilimu pamsika ataipeza anandiseka. "Iyi palibe amaifunsa, achimwene. Mulibe nkhonya, mulibe mfuti. Ndikuikireni yankhondo?"

Minibasi ya ku Liwonde inachedwa kudzaza, ndipo kondakitala anatilipiritsa K5,000 aliyense, akuti mafuta avuta. Anthu akukangana naye, ine ndinatsegula filimu ija. Nanenso ndinkaiyesa yachibwana. Mtsikanayo amathyola nyumba za olemera, ndipo wapolisi akangomuyandikira, iye amamutsomphola chipewa n'kuthawa. Wapolisi amabwerera kuntchito mpala uli pamtunda, abwana ake n'kumukalipira. Pang'onopang'ono umazindikira kuti chipewacho akuba dala, kuti mwamunayo amusakenso.

Mayi wa dengu la tomato pambali panga anali atayamba kalekale kusuzumira.

"Ameneyu sakufuna kumugwira, iyayi," anatero. "Taonani kathamangidwe kake, ngati akupita kuchikamwini."

Tinaseka mpaka pamlatho wa Shire. Potsika anandigwira mkono. "Kodi akwatirana?" Ndinati sindikudziwa. Anasenza dengu lake akudandaula.

Ku Liwonde ndinadya tchipisi cha pachiwaya, n'kukwera minibasi yolowera ku Zomba. Galimoto ikubuula pamtunda, ndinaimaliza filimuyo tisanafike pa Machinga Boma. Palibe amafamo, palibenso amene amakulalikira. Imangokuseketsa basi. Koma pamene wapolisi ankamanga mtsikana uja unyolo, ndinadzipeza ndikupukuta m'maso, wogulitsa nkhuku wa pampando wakutsogolo akundiyang'ana modabwa.

Pa boma ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Fumbi linandisandutsa nkhalamba tisanafike pakati pa njira. Tinafika dzuwa litapendeka, azakhali ali pakhonde. Nditawapatsa moni, anayang'ana pambali panga, pomwe panalibe munthu.

"Ndani ameneyo? Ndiwe Yohane?"

Mwana wawo Esinati anandikokera kuseri. Anandiuza kuti maso a azakhali anayamba kuvuta m'dzinja, ndipo tsopano ankangosiyanitsa mdima ndi kuwala. Azakhali anamuletsa kundiuza, akuti ndili ndi zanga zondivuta. Ndinaima pamenepo foni ili m'manja, ndikukumbukira Loweruka lililonse lomwe ndinati ndisaka mawa.

Ndinabwerera pakhonde. "Azakhali, filimu ija ndabwera nayo."

"Ika, mwanangu. Makutu ndikadali nawo."

Anaigwira foniyo pafupi ndi khutu. Mwamwayi inali yomasuliridwa m'Chichewa. Kanyimbo kena katalira, anadzuka pang'ono.

"Apa wamulanda chipewa, eti?"

"Eya, azakhali."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo a Esinati apa anagwa pabenchi. Anthu anayamba kuseka iwowo, filimu kuisiya."

Foni inapitiriza kulankhula yokha. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo, osati filimu. Kanthu kopepuka kotere, komwe pamsika palibe amakafuna, kanawabweza pabenchi ija pambali pa amuna awo. Ndikanafulumira, bwenzi atawaonanso mtsikana ndi wapolisi uja ndi maso awo.

"Tandiuza," anatero, "mtsikanayo wavala diresi lofiira lija?"

Linali lobiriwira.

"Lomwelo, azakhali," ndinayankha.