Chotupa cha Tiyese, Galu wa Mayi Leah

Mayi Leah a ku Milonde anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, kenako anatembenukira kumunda wawo wa chinanazi. Amuna awo atamwalira anatsala ndi awiri: Rosie, mwana wawo yekhayo, ndi Tiyese, galu wothamangitsa anyani m'mundamo. Mayiwa ndi apakamwa, mudzi wonse umadziwa, koma galuyo ankamuyankhula mofatsa ngati khanda.

Ndiye Tiyese anayamba kusanza. Chakudya chikangolowa chabwerera, pena ndi magazi akuda, mpaka nthiti zinaonekera. Kwa a Leah nkhani inali yodziwikiratu: galu wathiridwa poizoni wa tameki. Wothirayonso sanamufune kutali. Godwin, mwamuna wa Rosie, anali atalumbirapo kuti adzathana naye galuyo chifukwa chomudyera mazira.

A Leah anamumwetsa galuyo mkaka ndi makala osinja, osathandiza. Apo pakamwa panatseguka! Anamulalatira Godwin pabwalo, ana ake akumva: "Munabwera ndi kachikwama pamudzi pano, lero mukundiphera galu? Mawa ndine!" Mkamwini alibe mawu pamudzi pa eni. Godwin anamanga katundu panjinga n'kuwoloka malire, kubwerera kwawo ku Mozambique. Rosie analira, nati akapanda kumupepesa mwamuna wake amutsatira. A Leah anangoti, "Aaa, zamkutu."

Galuyo sanafe, ankangofota. A Anthony, alangizi a ziweto, atabwera kudzabaya katemera wa chiwewe, anamugoneka pansi n'kumusisita pamimba.

"Mayi, tameki sachedwa chonchi, amapha tsiku lomwelo. Tagwirani apa."

A Leah anagwira. Pansi pa nthiti panali chinthu cholimba ngati peyala losapsa. A Anthony anati chikuoneka ngati khansa ya m'chifu, yoyambira mu tizinthu toteteza thupi kumatenda. Kuti atsimikize pafunika kutengako pang'ono ndi jakisoni kukapima ku Blantyre, koma galuyo sadikira. Atafadi, a Anthony anamung'amba n'kuwaonetsa a Leah chifu chokhuthala, chotuwa, chazilonda m'kati.

"Palibe munthu wachita izi, mayi. Chakula chokha, pang'onopang'ono."

Manyazi anawagwira a Leah, mantha n'kuwonjezerapo. Anathamangira pakhomo pa Rosie. Anamupeza akukulunga mapoto m'chitenje, ana atavala kale nsapato.

"Rosie mwanangu, sanali tameki ayi."

"Ndikudziwa, amayi," anayankha Rosie osatembenuka. "Ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe."

Anasenza mtolo wake, n'kuuza ana kuti atsanzike agogo.