Mphindi Makumi Anayi za a Daison Sandifolo

A Daison Sandifolo anafika ku Mvuma, kunja kwa dziko lathu, pa 3 Juni 1959 kuchokera kwawo ku Ntcheu, kudzagwira ntchito pamgodi. Fumbi la pansi pa mgodi litawawononga chifuwa, anawapatsa ntchito yosamala bwalo la ndege, kamzere ka dothi kuseri kwa komboni.

Ndege yake inali kandege ka mipando inayi kochokera ku Shabani, mtunda wa mamailosi pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Ikanyamuka, akuofesi ankaimbirana foni, ndipo a Daison akauzidwa ankadziwa kuti atsala ndi mphindi makumi anayi. Wotchi analibe. Ankayesa nthawiyo ndi nyimbo zisanu ndi zitatu za m'tchalitchi, akuthamangitsa ng'ombe pabwalo. Nkhondo itakula, madzulo ankakoka nthambi pamzere wonse kuti wokwirira bomba asiye mapazi.

Lachinayi, pa 16 Malichi 1978, ndegeyo inanyamula akazi a Daison, a Alefa, amene anagona milungu itatu m'chipatala ku Shabani atathyoka mwendo. Woyendetsa anawachitira chifundo poti mpando umodzi unali wopanda munthu. Pamsewu ukanakhala ulendo wa masiku awiri, wodikira galimoto zoperekezedwa ndi asilikali.

Ali pa nyimbo yachitatu, a Daison anaona dothi lofukulidwa kumene pakati pa bwalo. Wailesi yolankhulira ndi woyendetsa ndege analibe. Lamulo linali lakuti bwalo likakayikitsa, ayale nsalu ziwiri zoyera mopingasa kuti ndege isatere. Koma nsaluzo anali atabwereketsa ku ukwati ku Somabhula.

Anathamangira kutchalitchi, kumene amayi a Mvano ankasonkhana Lachinayi lililonse.

"Amayi, ndibwerekeni zoyera zanu zonse! Maduku, nsalu ya pagome, tiyeni!"

"Mwapenga kodi, a Sandifolo? Tionetse imvi pabwalo?" anafunsa mayi Idesi, mtsogoleri wawo.

"Imvizo n'zoyeranso, bwerani nazo. Mnzanu Alefa ali m'mwambamu."

Amayi khumi ndi asanu ndi awiri anayala maduku awo mopingasa kumapeto kwa bwalo, n'kutsindikiza ndi miyala. Ndege inafika, inazungulira kawiri, n'kutembenukira ku Gwelo.

Asilikali atakumba sanapeze bomba. Anapeza una wa nungu wakuya kufika m'chiuno, wokwanira kuthyola gudumu ndi kugubuduza ndege.

A Alefa anafika Loweruka, pa 18 Malichi, atakhala pamatumba a ufa kumbuyo kwa lole.

"Bambo a Eveline, ndinaona denga langa ndi maso angawa, inu n'kundibweza chifukwa cha nungu?"

"Mukanatera, tikanakonzanso mwendo winawo," anayankha a Daison, akuwalandira ndodo kuti awatsitse.

Nsalu ziwiri zija zinabwera Lolemba kuchokera ku ukwati, zili ndi madontho a mafuta. Kufikira pamene anapuma ntchito pa 30 Epulo 1981, a Daison sanazibwereketsenso, ngakhale kwa abusa.