Anamata nyali ya mabuleki ndi tepi, mlandu n'kugwera ine

Galaja ina ya kuseri kwa msika muno mu Livingstone yandilanditsa makiyi a takisi. Mundikhululukire, ine si munthu wa mikangano, koma tulo sindikutiona.

Takisiyo ndi ya alamu anga. Ndiwo ananditenga kumudzi, nandiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Sabata yatha anandituma kukasinthitsa beringi ya wilo lakutsogolo. Ntchito itatha, ndinaona kanyali kachikasu kolembedwa ABS kakuyaka osazima. Ndinapita kwa mwini galajayo, manja kumbuyo.

"Ba mdala, pepani, kanyali aka sikamayaka m'mawa."

"Iwe mwaiche, ukaponda buleki motoka iima olo siima?"

"Imaima."

"Manje vuto ni chani? Yenda ukadye, tizaona."

Nditabwerako kanyali kanali katazima. Ndinathokoza kawiri. Ine, kuthokoza!

Lachinayi masana kunagwa mvula. Ndinanyamula mayi wina wogulitsa ziboliboli ku mathithi, mwana ali pamiyendo. Tili pamsewu wa Mosi-oa-Tunya, nyumba zitatha, njovu inatulukira m'tchire. Ndinachita zomwe alamu anandiphunzitsa: ponda mwamphamvu, usachotse phazi, wongolera. Mawilo anauma gwa! Ndinapotoza chiwongolero, galimoto osamva. Tinatsetsereka cham'mbali mpaka m'ngalande. Mwana anamenyetsa mutu kumpando, natupa pachipumi. Njovu inangotiyang'ana n'kuwoloka.

Alamu anaimbira foni mwini galaja ine ndili pomwepo. Yankho lake? Akuti mabuleki anali bwino, vuto ndi mnyamata wakumudzi wothamanga pamvula. Alamu anangotambasula dzanja. Ndinapereka makiyi.

Galimoto anaikokera kugalaja ina yapafupi. Makaniko wa kumeneko, ba Mubita, anatsegula kuseri kwa galasi la mamita nandiitana. Tepi wakuda, womata bwinobwino pa kanyali kaja. Anagwada pa wilo lomwe linakonzedwa. Waya woduka, wopindidwa, womangidwa ndi mphira kuti usalendewere.

Ndinawapempha kuti andifotokozere pang'onopang'ono. Akuti pa wilo lililonse pali kachipangizo kowerenga mmene wilo likuzungulirira. Wilo likafuna kuuma, kompyuta ya galimoto imatsegula ndi kutseka timavavu m'kabokosi kachitsulo momwe mumadutsa mafuta a buleki, kapampu n'kumabweza mafutawo. Buleki imagwira, kutaya, kugwiranso, mofulumira kuposa phazi la munthu. N'chifukwa chake chopondera chimanjenjemera, ndipo umatha kukhota uku ukuima. Pamatope, wilo limodzi likamazungulira pachabe, kabokosi komweko kamalifinya kuti mphamvu ipite ku linzake. Waya wa kachipangizo kamodzi ukaduka, zonsezi zimagona. Kanyali kamayaka kuti kakuchenjeze.

Ndiye munthu wamkulu, waimvi, mankhwala ake n'kutseka kanyaliko m'maso? Mwana akamalira ndi malungo mumam'mata pakamwa?

Dzulo ndinabwerera kugalaja yoyamba ija, tepi uja ali m'manja. Ndinalunjika kwa mwini wake.

"Ba mdala, waya uja unaduka pano."

"Unaniona nikudula? Matepi yakuda yapaka, yali paliponse mu Livingstone, boi."

Anyamata ake anaseka mpaka wina kugwetsa sipanala. Ine ndinangotembenuka. Ndinanenanso pepani potuluka. Pepani wa chiyani, sindikudziwa.

Chondipweteka n'chakuti alamu amapemphera mpingo umodzi ndi mdalayo. Akuti munthu ameneyo sanganame, mwina tepiyo anabwera ndi galimoto pogula. Koma kanyali kaja ndinakaona ndi maso angawa kakuyaka, m'galaja momwemo. Akanakhala kuti anangonena kuti waya waduka, bwera mawa, kodi ndikanakana? Ndikanayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Ndikanauza alamu tsiku lomwelo.

Anzanga oyendetsa, mukapotoza kiyi, kanyali ka ABS kayenera kuyaka kaye kenako n'kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, musachoke pagalajapo. Funsani, ngakhale akusekeni.

Ndipo inu ba mdala, ndikudziwa kuti anyamata anu akuwerengerani izi. Dzina lanu sindinalitchule, ndinaleredwa ndi ulemu. Ndalama zanu sindikuzifuna. Ndikufuna mupite kwa alamu anga, muwauze ndi pakamwa panu kuti waya unaduka m'manja mwanu. Mayi uja nayenso mukam'pepese, mwana wake akadali ndi chotupa.

Lolemba pa takisiyo payamba munthu wina, ine akuti ndikwere basi yobwerera kwathu. Lamlungu mukhala benchi imodzi ndi alamu. Mukatseka maso popemphera, mudzanena chiyani?